Mpeni Wodyera wa ku London wa m'ma 1400: Kuunika Yotengera Yakale Imene Ikugulitsidwa Lero

Mpeni umene tikuunika pano ndi uja ogulitsa zovala ndi zida za masewero a mbiri yakale ku Ulaya amaulemba kuti medieval eating knife. Ndi waung'ono, wakuthwa mbali imodzi, wansonga, chigwiriro chake ndi cha mtengo kapena fupa chomangidwa ndi timisomali ta mkuwa, ndipo umabwera m'chimake cha chikopa. Umatengera mipeni imene anthu a ku England ndi maiko oyandikana nawo ankayenda nayo m'chiuno kuyambira cha m'ma 1350 mpaka 1450. Pamsika ilipo ya magulu awiri: ya m'fakitale yopangidwa yambirimbiri, yochuluka mwa iyo yochokera ku India, ndi ya osula amene amapanga umodziumodzi. Pachithunzi yonse imakongola. Kusiyana kumaoneka mpeni ukalowa mu anyezi, komanso ukagona m'chimake masiku angapo nyengo ya chinyezi.

Tinene msanga maganizo athu. Wa m'fakitale ndi woyenera ndalama zake ngati chitsulo chake chili chopyapyala, ndipo ngati muli okonzeka kuunola nokha ndi kusintha chimake. Ukakhala wochindikala, usiyeni ngakhale chigwiriro chitakongola chotani, pakuti vuto limenelo mwala wonolera sulithetsa.

Poyerekezera pake palipo. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akatswiri ofukula zakale anakumba m'mphepete mwa mtsinje wa Thames ku London, pamalo monga Trig Lane, Swan Lane, Billingsgate ndi Baynard's Castle. Kalelo anthu a mumzindawo ankakuza gombe pomanga mipanda ya matabwa m'madzi n'kuthira zinyalala kuseri kwake. Matope onyowa, osalowa mpweya, anasunga zinthu zimene kumtunda zikanawola kalekale: nsapato, matabwa, mipeni ndi zimake zake. Matabwa a mipandayo amadziwika zaka zake powerenga mizere ya mtengo, motero zinyalala za kuseri kwake nazonso zimadziwika nthawi yake. Zofukulidwazo zinasindikizidwa mu 1987 m'buku la Museum of London lotchedwa Knives and Scabbards, lofotokoza mipeni ya cha m'ma 1150 mpaka 1450, ndipo osula ambiri odziwa ntchito amatengera zojambula za m'menemo. Wogulitsa akalephera kunena kuti mpeni wake watengera chofukulidwa chiti kapena cha zaka ziti, kawirikawiri amakhala kuti watengera mpeni wa wogulitsa mnzake, zolakwa zake ndi zonse.

Kuti tiuweruze mwachilungamo tiyenera kukumbukira ntchito yake. Patebulo la ku England nthawi imeneyo panalibe foloko yodyera. Inayamba kufala m'zaka za m'ma 1600. Munthu ankadya ndi zala, supuni ndi mpeni, ndipo mlendo ankabwera ndi mpeni wake. Nyama ankaidulira pa chibenthu cha buledi wouma kapena pa kathabwa, nsonga n'kumabayira nthuli ndi kutapira mchere. Akachoka patebulo, mpeni womwewo unkadula chingwe ndi kusenda chipatso. Amuna ndi akazi omwe ankakhala nawo. Sichinali chida cha nkhondo. Zobayira monga baselard ndi ballock dagger ndi zinthu zina, zazitali ndi zochindikala. Choncho funso loyamba kwa mpeni wotengera wakale ndi lakuti, kodi ukudula chakudya bwino?

Apa ndi pamene yambiri ya m'fakitale imagwera. Mpeni wakale, mukaudula pakati n'kuyang'ana podulapo, umapyapyala mosalekeza kuchokera kumsana mpaka kukamwa, mbali zonse ziwiri zili zathyathyathya. Pa mipeni yodyera ya utali wa masentimita 10 mpaka 14, msana umayenera kukhala mamilimita 2 kapena 3 pafupi ndi chigwiriro, n'kumachepa polowera kunsonga. Kufakitale amadula mpeni pa chitsulo chophwatalala cha mamilimita 3 kapena 4, n'kupala kagawo ka m'munsi kokha, mamilimita 5 mpaka 8 kuchokera kukamwa, chifukwa kutero n'kwachangu ndipo sikudya malamba opalira. Zotsatira zake n'zakuti mpeni umatha kumeta ubweya wa pamkono koma ukafika pa apulo kapena karoti umalowa pang'ono n'kuima, kenako chipatsocho chimang'aluka m'malo modulika. Pa tchizi wolimba umafuna kukankha ndi mphamvu, ndipo mpeni wopanda chotchinjiriza dzanja ngati umenewu sufuna mphamvu.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsinani chitsulo ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala kumsana, n'kutsetsereka pang'onopang'ono kulowera kukamwa, osafika pakuthwa. Zala zikamayandikana mosalekeza, mpeniwo ndi wabwino. Zikayenda mtunda wonse osayandikana kenako n'kugwera pa kaphewa, ndi wodulidwa pa chitsulo chophwatalala. Amene ali ndi choyezera makulidwe ayeze sentimita imodzi kuchokera kukamwa: pakhale pafupifupi milimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo kuseri kwenikweni kwa pakuthwa pasapitirire theka la milimita.

Musasokoneze kuchindikala ndi kubuntha. Mipeni yambiri ya m'fakitale imatumizidwa yosanola, ndipo izi si vuto ngati maonekedwe a chitsulo ali olondola. Yambani ndi mwala wokhakhala wa nambala 400 (nambala ikamakula, mwala umakhala wosalala), mpeni utapendekeka madigiri 15 mpaka 20 mbali iliyonse, mpaka mumve kachitsulo kopindikira mbali inayo kuyambira kuchigwiriro kufika kunsonga. Tembenuzani, chitani chimodzimodzi, kenako pitani pa mwala wa 1000 ndi kumalizira pa chikopa. Anthu ambiri amafulumira kusintha mwala kachitsulo kaja kasanatuluke paliponse, ndiye mpeni umathwa pakati pokha, kunsonga kuli kobuntha. Wochindikala uja umafuna makina opalira, ndipo pamenepo pali ngozi ina: chitsulo chopyapyala chimatentha msanga. Chikayamba kuoneka chachikasu mwafika pamalire. Chikabiriwira, chafika pa kutentha kwa pafupifupi madigiri 300 a Celsius ndipo pamalo pamenepo chafewa, sichidzasunganso kuthwa. Ngati mwaumirira kupala, viikani m'madzi pambuyo pa kukhudzitsa kulikonse.

Za mtundu wa chitsulo, pano mipeni yamakono imapambana yakale ndipo sitikuona chifukwa chodandaulira. Kalelo chitsulo cholimba cha steel chinali chodula, choncho osula ankapanga thupi la mpeni ndi chitsulo chofewa n'kulumikiza pamoto kachidutswa ka steel kukamwa, kapena kukaika pakati pa zitsulo zofewa ziwiri. Mpeni wotere ukanoledwa zaka zambiri, steel uja ankatha ndipo unkasiya kugwira kuthwa. Lero pafupifupi yonse ndi ya steel yekhayekha wokhala ndi kaboni, monga EN9, EN45, 1075 kapena 1095, ndipo zonsezi n'zokwanira pa ntchito ya patebulo. Osula owerengeka amalumikizabe zitsulo ziwiri mwakale, ndipo mzere wa polumikizirapo umaoneka chitsulo chikayamba kuda. Ndi ntchito yokongola ndi yodula, yoyenera amene akufuna mpeni wofanana ndi wakale mpaka m'kati, koma sudula kuposa winawo.

Zimene sitivomereza ndi zitatu. Chitsulo chosachita dzimbiri cha stainless chinatulukira ku Sheffield mu 1913 ndi ntchito ya Harry Brearley, ndipo kuwala kwake kotuwa kumadziwika patali. Pa mpeni wa m'ma 1400 sichiyenera. Kusiya chitsulo chakuda chokhala ndi zipsera za nyundo kuti chioneke chakale nakonso n'kulakwa: osula a nthawi imeneyo ankapala ndi kusalaza mipeni yawo pamwala, ndipo zipserazo zimasunga mafuta a nyama ndi dzimbiri. Mizere yokhotakhota ija ogulitsa amaitcha Damascus nayonso si ya mpeni wamba wa zaka zimenezi.

Chofunika kuposa dzina la chitsulo ndi kalimbitsidwe kake. Steel wa mtunduwu amatenthedwa kufika madigiri 800 mpaka 830, kuviikidwa m'mafuta, kenako kuwotchedwanso pang'ono pa madigiri pafupifupi 200 kwa maola awiri kuti asakhale wophweka kuthyoka. Zikayenda bwino, kulimba kwake kumakhala 56 mpaka 59 pa muyezo wa kulimba kwa zitsulo wotchedwa HRC. Mipeni ya m'fakitale imasiyana kwambiri pamenepa, ngakhale yochokera m'bokosi limodzi. Yesani ndi tupa yatsopano yosalala pafupi ndi kukamwa, mpeni usananoledwe: ikatsetsereka n'kungosiya kachizindikiro, chitsulo n'cholimba; ikaluma n'kutulutsa fumbi lachitsulo, n'chofewa ndipo kukamwa kuzipindika mukangodula pa thabwa lolimba. Kukamwa kukamabenthuka tizidutswa pokhudza fupa, ndiye kuti kuwotcha kwachiwiri kuja kunachepa. Wofewa ubwezeni kwa wogulitsa, pakuti kuulimbitsanso kumafuna kuchotsa chigwiriro chonse.

Mu 1365 mfumu Edward III inalamula kuti opanga mipeni ndi malupanga ku London aziika chizindikiro chawo pa ntchito yawo, ndipo mipeni yambiri yofukulidwa ya zaka zotsatira ili ndi kachizindikiro kokhomedwa pafupi ndi msana, nthawi zina kodzazidwa ndi mkuwa. Osula amakono abwino amachitanso chimodzimodzi. Pa ya m'fakitale mumapeza zilembo zowotcha ndi laser, zimene zimachoka ndi sandipepala wa 600 mukapala motsata utali wa mpeni.

Tsopano chigwiriro. Mipeni yakale ili ndi mamangidwe awiri. Akale kwambiri ndi a msuka wosongoka wolowa m'kati mwa mtengo, monga umalowera msuka wa khasu mu mpini. Ogulitsa amalemba kuti whittle tang. Enawo, amene analowa mu London m'zaka za m'ma 1300 n'kufala kwambiri pofika m'ma 1400, ndi a msuka wophwatalala wofika kumapeto kwa chigwiriro, womatidwa timatabwa tiwiri uku ndi uku. Amenewa ndi scale tang, ndipo ndi amene tikuunika. Timisomali take timakhala titatu mpaka tisanu, ta mkuwa, ndipo pa mipeni yambiri yakale ndi timapaipi tobooka pakati. Pamene chitsulo chikumana ndi mtengo nthawi zambiri pamakhala timapale tiwiri ta mkuwa, ndipo kumapeto kachivindikiro ka mkuwa komwe. Mukaona khosi lonenepa losulidwa pamodzi ndi chitsulo cha mpeni, dziwani kuti kapangidwe kameneko ndi ka m'ma 1500. Mpeniwo ungakhale wabwino koma si wa nthawi imene alembayo.

Mtengo umene unkakondedwa ndi boxwood, wachikasu, wolimba, wa njere zosaoneka, ndipo muzu wake wokhala ndi mawangamawanga unkafunidwa kwambiri. Fupa la ng'ombe ndi nyanga zinkagwiranso ntchito. Osula amakono amaupezabe boxwood, ngakhale ndi wodula. Kufakitale amaika mtengo uliwonse wolimba n'kuupaka utoto wakuda kapena wofiirira, ndipo utotowo umathimbirira m'manja mukagwira ndi dzanja lonyowa. Vuto lalikulu koposa ndi mtengo wosauma. Ukafika m'nyumba youma umafota, msuka n'kutumphuka m'mbali ngati kampeni kena kokanda chikhatho, ndipo pakati pa mtengo ndi chitsulo pamatseguka kampata kolowa madzi. Dzimbiri la m'kampata kameneko silioneka mpaka litatukumula timatabwa tija. Yang'anani mpeni moloza kuwala. Kuwala kukadutsa pakati pa mtengo ndi msuka, pafunika kukonza musanaugwiritse ntchito.

Kukonza kwake: onani kaye ngati timisomali tinakhomedwa mitu kapena tinangomatidwa ndi guluu. Tokhomedwa timakhala totambalala pang'ono pamwamba. Tosakhomedwa, ikani mutu umodzi pa chitsulo cholemera n'kumenya winawo mopepuka ndi nyundo yaing'ono ya mutu wozungulira, m'mphepete mwa msomali mozungulira, kakhumi kapena kakhumi ndi kasanu, kenako tembenuzani. Kumenya mwamphamvu kumatupitsa msomali m'kati ndipo fupa kapena mtengo umang'aluka motsata njere kuchokera pabowo. Kampata kotsala kadzazeni ndi phula la njuchi losungunula ngati mukufuna njira yakale, kapena guluu wa epoxy ngati mpeni uzigwira ntchito tsiku ndi tsiku. Msuka wotumphuka usalazeni ndi tupa ndi sandipepala wa 400, n'kupaka mtengo mafuta a linseed pang'ono, kupukuta otsala pakatha mphindi 15. Fupa loyera mbee ngati choko nthawi zambiri linayeretsedwa ndi mankhwala amphamvu ndipo limakhala lophweka kusweka. Labwino limakhala loderako pang'ono ndi losalala.

Chimake ndicho chimatikhumudwitsa kwambiri, ngakhale pa mipeni ina ya osula. Ku London wakale mpeni umodzi unkadutsa m'manja angapo: wosula chitsulo, woika chigwiriro, wosoka chimake, ndi wogulitsa amene ankalumikiza zonsezo, ndipo bungwe la amalonda a mipeni, Cutlers' Company, linalandira chikalata chake choyamba chachifumu kwa mfumu Henry V mu 1416. Kusoka zimake kunali ntchito ya munthu payekha, ndipo zofukulidwa zimaonetsa luso lake. Chimake chakale kawirikawiri ndi cha chikopa cha mwana wa ng'ombe chofufutidwa ndi makungwa, chopyapyala, chidutswa chimodzi chopindidwa mozungulira mpeni, msoko uli kumbuyo. Chimameza chitsulo chonse ndi gawo lalikulu la chigwiriro, ndipo mpeni umagwidwa ndi kuthina kwa chikopacho basi. Kutsogolo kumakhala zojambula zogawidwa pawiri, gawo la chigwiriro ndi gawo la chitsulo: masamba, zilombo, mbalame, zishango za mabanja. Kumbuyo, pamwamba, kuli timabowo todutsa kachingwe kachikopa komangira pa lamba.

Chimene chimabwera ndi mpeni wa m'fakitale nthawi zambiri ndi chikopa chochindikala cha mamilimita 3, zidutswa ziwiri zosokedwa m'mbali ndi makina ndi ulusi wa nayiloni, chokhala ndi kalamba kolowetsa pa lamba, mwinanso batani lachitsulo. Chimafika pakhosi pa mpeni pokha, choncho mukawerama mpeni umagwa. Choipa kuposa maonekedwe ndi chakuti zambiri n'zofufutidwa ndi mankhwala a chrome, njira imene inayamba m'zaka za m'ma 1800, ndipo mchere wake pamodzi ndi chinyezi umadya chitsulo. Dulani kachidutswa kobisika: m'kati mukakhala motuwa mobiriwira, ndi chrome, chofufutidwa ndi makungwa chimakhala chofiirira mpaka m'kati ndipo chikanyowa chimasunga chidindo cha chikhadabo.

Timalangiza kusoka china, pakuti si ntchito yovuta. Pezani chikopa chofufutidwa ndi makungwa cha milimita imodzi ndi theka kapena 2. Pakani mpeni mafuta, ukulungeni ndi pulasitiki ndi tepi kuti usachite dzimbiri ndiponso kuti chimake chikhale ndi kampata kochepa. Pimani ndi pepala mozungulira mpeni, m'mphepete mukumane pakati pa mbali ya kumbuyo, ndipo pepalalo lifike pa magawo awiri mwa atatu a chigwiriro. Onjezerani mamilimita 3 mbali iliyonse a msoko. Viikani chikopa m'madzi ofunda mphindi 5 mpaka 10. Madzi asakhale otentha moti dzanja silingapirire, chifukwa chikopa chimakhwinyata n'kuuma gwa osabwereranso. Boolani ndi chisongole motalikirana mamilimita 4 kapena 5, sokani ndi ulusi wa linen wopaka phula ndi masingano awiri, kuyambira kunsonga kukwera. Msoko ukapendekera kukamwa kwa mpeni, ulusi udzadulika m'masabata ochepa, ndiye uwongoleni chikopa chikadali chonyowa. Kanikizani ndi zala pakhosi pamene chigwiriro chimayambira kuti pakhale phewa, pakuti phewalo ndilo limaletsa nsonga kuboola pansi. Zojambula zilembeni ndi kachitsulo kobuntha chikopa chitayamba kuuma koma chikadali chozizira pochigwira. Umitsani pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri, tulutsani mpeni, chotsani pulasitiki, pakani phula kunja. Kumbukirani kuti chikopa cha makungwa nachonso chikanyowa chimadetsa chitsulo, choncho mpeni usalowe m'chimake uli wonyowa.

Mpeni wopyapyala bwino ndi wonoledwa umakondweretsa kwambiri patebulo. Nyama yowotcha imadulika ndi kukoka kumodzi, buledi wa chikhokho cholimba umafuna kubaya kaye ndi nsonga kenako kukoka, ndipo anyezi amatuluka timagawo topyapyala toonekera. Chigwiriro cha masentimita 8 kapena 9 chimaoneka chachifupi kwa wozolowera mipeni ya kukhitchini, koma mpeniwu umagwidwa ndi zala, chamkombaphala chili pamsana, osati ndi chikhatho chonse. Musadulire pa mbale yadothi kapena yagalasi. Imabunthitsa kukamwa pa chakudya chimodzi. Musatsegulire zitini kapena kukanula zinthu, nsonga yake siingapirire.

Masiku oyamba chitsulo chimasiya kafungo kachitsulo pa zipatso zowawasa ndipo chimayamba kuda motuwa kapena mobiriwira. Kuda kumeneko musakuchotse, kumateteza chitsulo ndipo kafungo kaja kamatha nako. Dzimbiri lofiira ndilo loyenera kuchotsa msanga, ndi sandipepala wa 1000 ndi kadontho ka mafuta. Tsukani mpeni ndi nsalu yonyowa, osauviika, pukutani pomwepo, pakani mafuta a mineral oil oyenera ziwiya za chakudya. Mafuta ophikira amanata ndi kununkha akakhalitsa. Kunola pang'ono pafupipafupi kumaposa kudikira ubunthe, ndipo eni ake akale ankadziwa zimenezi: miyala yonolera ya ku Eidsborg ku Norway imapezeka yambiri m'zofukula za m'matauni a ku England.

Musanalipire pa intaneti, pemphani chithunzi chojambulidwa kuchokera kumsana ndi china choonetsa kumbuyo kwa chimake, ndipo funsani makulidwe a msana pakhosi ndi pafupi ndi nsonga, mtundu wa chitsulo, ndi kafufutidwe ka chikopa. Wosula amayankha ndi manambala. Wa m'fakitale ndi wokwanira kwa woyamba kumene ndi kwa amene amakonda kukonza zinthu yekha. Wa wosula ndi wa amene adzauonetsa kwa anthu ngati chitsanzo cha mbiri, kapena amene sakufuna kugwira tupa.

Amene muli ku England ndi Wales musamale ndi lamulo. Gawo 139 la Criminal Justice Act ya 1988 limaletsa kukhala ndi mpeni wosapindika pamalo a anthu onse popanda chifukwa chomveka, ngakhale utafupika bwanji, ndipo mpeni uwu ndi wosapindika. Popita kumasewero a mbiri yakale uikeni m'chikwama wokulungidwa, muumange m'chiuno mutafika pamalopo, ndipo muumasule musanatuluke. Ogulitsa kumeneko amafunsa umboni wakuti mwakwana zaka 18. Pandege ulowe m'katundu wopita pansi, wopakidwa mafuta ndi wokulungidwa papepala paokha, chimake chili padera.